Timu yathu ya ngolo ku Mitundu

Ntchito yathu ndi yotuta katundu pa ngolo kuno ku Mitundu, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe. Timanyamula njerwa, mchenga wa kudambo, manyowa, matumba a chimanga nthawi yokolola, ndi mabelo a fodya kukawasiya pamene galimoto ingathe kufika.

Ndinayamba nditapuma pa uphunzitsi. Ndalama zopumira zinangokwana ng'ombe ziwiri zofula ndi ngolo imodzi ya matayala a galimoto. Koma ng'ombe ziwiri sizingakoke tsiku lonse. Zimamangidwa mbandakucha, dzuwa likakwera muzimasule zikadye ndi kumwa, apo ayi muziona zikuwonda mwezi usanathe. Pamene womanga nyumba akufuna njerwa zake lero lomwe, mmisiri ali chiimire. Ndiye ndinapita kwa anzanga a m'mudzi, wina ali ndi ng'ombe koma alibe ngolo, wina ali ndi ngolo yongokhala chifukwa ng'ombe imodzi inafa. Tinagwirizana kuphatikiza zomwe tili nazo. Ndalama ikalowa timaigawa: gawo la mwini ng'ombe, la mwini ngolo, la woyendetsa ndi olongedza, kenaka kena kamatsala m'thumba la matayala, madeya ndi mankhwala a nkhupakupa.

Anyamata athu ndi amene anayamba kudzitcha timu, kutengera ku mpira. Ine zinandikondweretsa kwambiri, chifukwa zaka zonse zomwe ndinkaphunzitsa Chingerezi ndinkadziwa kuti mawu akuti "team" anabadwira pa goli la ng'ombe, mpira unangowabwereka. M'Chingerezi chakale, chomwe chinkalankhulidwa ku England chisanafike chaka cha 1066, mawuwa ankatanthauza zinthu ziwiri: ana obadwa motsatizana m'banja limodzi, komanso ziweto zomangidwa pamodzi kuti zikoke. Muzu wake ndi wa kukoka, womwewo umene uli m'mawu akuti "tow". Tanthauzo la anthu ogwira ntchito limodzi linabwera m'zaka za m'ma 1500, ndipo la masewero linafala m'ma 1800. Mpaka lero ku America bungwe lalikulu la oyendetsa malole limatchedwa Teamsters. Linakhazikitsidwa mu 1903, nthawi imene mamembala ake ankayendetsa ngolo za akavalo.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Mu 1086, pa kalembera wa malo wodziwika kuti Domesday Book, amene Mfumu William wa ku England analamula, chuma cha mudzi ankachiyeza powerenga mapulawo, ndipo pulawo imodzi ankaiwerengera ng'ombe 8. Alimi wamba ambiri analibe ng'ombe zochuluka chotero. Ankasonkherana, uyu ziwiri, uyu imodzi, mpaka zikwane, n'kumalima minda yawo mosinthana. Nditawafotokozera anzanga zimenezi tsiku lina tikugawana ndalama, mkulu wina anati ndiye kuti azunguwo nawonso ankadziwa umphawi. Ankaudziwa ndithu, ndipo anauthetsa mmene ife tikuchitiramu.

Kuphatikiza ng'ombe za makola osiyana si nkhani yamasewera. Timayang'ana msinkhu poyamba, chifukwa ina ikatalika goli limapendekeka, katundu yense amatsamira pa yaifupi, khosi lake n'kuchita chilonda. Timayang'ananso kayendedwe. Pali ng'ombe yaphuma ndi ina yodekha, ndipo mukazimanga pamodzi ngolo imangokhotera mbali imodzi, woyendetsa n'kuyamba kudalira chikwapu, chomwe ife sitilola. Ng'ombe yozolowera kumanja timaisiya kumanja. Yatsopano timayamba taimanga ndi yaikulu yofatsa, zizikoka chipika pabwalo, kenaka ngolo yopanda kanthu, katundu pambuyo. Anyamatanso timawasankha mosamala chomwecho. Woyendetsa aliyense ali ndi ng'ombe zake zomwe zimadziwa mawu ake ndi mluzu wake, ndipo sitimusintha chisawawa ngakhale ntchito itachuluka.

Kontirakitala wina amene tinamututira mchenga ankakonda kunena kuti "gang" yanu ifike m'mawa. Sanalakwitse. Mawu amenewo poyamba ankatanthauza kuyenda kapena ulendo, kenaka gulu la antchito oyendera limodzi, ndipo m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje othyola masamba amagawidwa m'magulu otchedwa choncho, kapitawo ali patsogolo. Komabe ndinamupempha mwaulemu kuti atitchule timu. Kwathu kulibe kapitawo woimirira ndi buku. Aliyense waikapo chake, kaya ng'ombe, kaya ngolo, kaya mphamvu za manja ake, ndipo pa tsiku logawana ndalama aliyense amaona kope lotsegula.

Chaka chino mayi wina wamasiye walowetsa ng'ombe ziwiri zomwe malemu amuna awo anasiya, ndipo mwana wawo wamwamuna akuphunzira kuyendetsa. Mvula ikayamba ngolo zimachepa ntchito, ng'ombe zimapita ku pulawo, ndipo timayamba kulima minda ya mamembala tisanalandire ya ganyu. Amene mukufuna njerwa kapena mchenga mutiuze mu Seputembala kapena Okutobala, njira za kudambo zisanachite matope.