Lachiwiri: ana a m'dera mwathu ayamba kuyendera limodzi kusukulu

Ndinadzuka kukadali mdima. June wa kuno ku Kasungu sachita chibwana, mphepo yake imalowera ndi m'ming'alu ya zitseko momwe. Nditakoleza mbaula n'kutereka madzi ndi mbatata, ndinakagogoda kuchipinda kwa mwana wanga wamkazi, wa Fomu 2 uja. Anayankhira m'bulangete momwemo: "Amayi, kunja sikunache. Ndikwera kabaza, sindichedwa." Ndinamukumbutsa kuti zija tinapangana ndi makolo anzanga Loweruka zikuyamba lero. Ana onse a sekondale a mumzere wathu wa nyumba azikumana pamjigo, n'kunyamukira limodzi wapansi, ndipo kholo limodzi liziwaperekeza mpaka adutse msewu waukulu. Lero linali gawo langa.

Kuchoka kwathu kukafika kusukulu kwawo ndi ulendo wa theka la ola, munthu ukuyenda mosathamanga. Koma akumwa tiyi nkhope inali itagwa. Nditamufunsa chenicheni chomwe chikumuvuta, sanatchule kutopa kapena kuzizira ayi. Anati, "Anzanga andiseka, aziti kwathu zinthu zavuta. Ndiye nsapato zikafika zitayera fumbi." Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse. Mwana wa msinkhu uwu amaopa kusekedwa kuposa china chilichonse, ndipo sindingamuuze kuti n'zachibwana, chifukwa kwa iyeyo si zachibwana. Chomwe chikundiwawa n'chakuti pa boma pano tafika poti mwana woyenda ndi miyendo yake yomwe Mulungu anam'patsa akuonedwa ngati wochokera kosauka. Zaka zingapo zapitazo njinga zamoto zinali zowerengeka. Lero zili pamphambano paliponse, ndipo kutsika pa njinga yamoto pageti ya sukulu kwasanduka kutchena. Ifenso makolo tathandizira. Timapereka ndalama ya kabaza m'mawa uliwonse poganiza kuti tikuonetsa chikondi.

Pamjigo tinapeza ena atafika kale, manja ali m'matumba a majuzi. Poyamba aliyense anali duu, ngati tikupita kumaliro. Sipanatenge nthawi, mnyamata wina wa Fomu 4 anayamba kudandaula za mayeso a MSCE omwe ali pafupi, atsikana n'kuyamba kumuseka, basi phokoso linabuka. Ine ndinatsalira m'mbuyo dala. Phiri la Kasungu linali litangoyamba kuoneka bwino, utsi wa mbaula uli tolotolo m'makomo.

Pamsewu wa M1 m'pamene ndinaona kuti kuperekeza kuja n'kofunika. Ino ndi nyengo yogulitsa fodya, malole odzaza mabelo akupita ku okushoni ya ku Chinkhoma, kuphatikiza mabasi ndi maminibasi a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Anawo anangolowa kumanzere kwa msewu, magalimoto akuwadzera kumsana. Ndinawaimitsa. Kuno kwathu magalimoto amayenda kumanzere, ndiye munthu wapansi ayenera kuyenda kumanja kuti aziona galimoto yomwe ikubwera kutsogolo kwake. Ayende mondondozana osati mopingasa msewu, ndipo zomvera nyimbo za m'makutu zilowe m'chikwama. Ena mwa iwo anali asanamvepo zimenezi, ana a sekondale athunthu. Tili chiimire pomwepo inadutsa njinga yamoto itanyamula ana a sukulu atatu, woyendetsa atakhalira pathanki, palibe ndi mmodzi yemwe wovala chipewa chotetezera mutu. Sindinalankhule kanthu. Onse anaiona okha.

Ndisanamizire anyamata a kabaza. Mwana wa achimwene anga amadyera momwemo, ndipo popanda iwo katundu wanga sangafike pamsika. Ntchito zikusowa, iwo apeza podyera. Koma njinga yopangidwira anthu awiri ikanyamula anayi pamsewu wa malole, amene amakagona m'chipatala ndi ana athu.

Nditawadutsitsa ndinabwerera, n'kupita kukayala tomato ndi anyezi wanga. Mnzanga woyandikana naye benchi, amene amagulitsa usipa, atamva nkhaniyi anapukusa mutu. "Asisi, inu mukuwerenga ndalama. Ine mwana wanga wamkazi sangayende wapansi. Mukudziwa zomwe abambo ena amalankhula kwa atsikana a yunifolomu m'njiramu?" Za ndalamazo sananame. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse unakwera, ndipo mafuta akangosowa m'mafilingi siteshoni kabaza naye amakwera tsiku lomwelo. Ndalama ya kupita ndi kubwera sabata yonse ndi ndalama ya sopo, makope ndi ndiwo. Koma nkhawa yakeyo ndi yoona, ndipo ndi nkhawa yanganso. Mtsikana woyenda yekha m'njira zachidule zodutsa m'minda kapena kuseri kwa mabala amakumana ndi zonyansa. Ndinamuyankha kuti n'chifukwa chake sitikunena kuti mwana aziyenda yekha. Tikunena za gulu, njira imodzi yodziwika, nthawi yonyamukira ndi yofikira yodziwika kwa makolo onse. Ndinamukumbutsanso zomwe tonse pamsika pano timadziwa, kuti kabaza nayenso si linga. Mtsikana akasowa ndalama tsiku lina, wina amati "kwera, udzalipira mawa," mawa lija n'kusanduka sabata, ngongole ija n'kudzalipidwa mwa njira ina. Amayi a Mother Group, gulu lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu, m'sukulu zathuzi angakuuzeni kuti mimba zina zinayamba chonchi. Mnzangayo anakhala chete kanthawi, kenako anati aona kaye mmene tiyendere mwezi uno. Ndinaona kuti wayankha mwanzeru.

Chakumasana kunabwera kasitomala wanga wakale, namwino. Posankha tomato wake ndinamufotokozera, iye n'kuseka ndi chimwemwe. Anati bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu ndithu kwa mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa. Ndinawerengera mumtima: theka la ola kupita, theka la ola kubwera, zakwana. Popanda kugula mpira, popanda kulipira kalikonse. Ana a pa boma ambiri satunga madzi kutali, sapita kudimba, sakatola nkhuni. Akaweruka amakhala pampando ndi foni, TikTok ndi WhatsApp mpaka kudya kwa madzulo. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi tinkawatcha a mabwana, lero ali m'nyumba zathu zomwe. Thupi lozolowera kukhala likadali laling'ono silidzayamba kuyenda lokha pa zaka makumi anayi.

Koma foni ya achemwali anga inandibweza maganizo. Iwo amakhala kwa Chulu, kufupi ndi malire a nkhalango ya Kasungu. Nditawauza monyadira kuti ana athu ayamba kuyenda wapansi, anangoti, "Mwayamba liti kunyadira zimenezo? Wanga uyu amanyamuka nyenyezi zili kumwamba." Mwana wawo amayenda pafupifupi maola awiri kuti akafike ku CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera mwawo, nthawi zambiri m'mimba mulibe kanthu. Akafika m'kalasi amangosinza. Chibweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango akhala akudandaula za njovu zotuluka kukadya m'minda, ndipo kholo lililonse kumeneko limaganiza kawiri lisanatulutse mwana m'bandakucha. Ikafika nyengo ya mvula, mitsinje ikadzaza, sukulu imayamba yaima. Atsikana ena makolo amawachitira lendi tizipinda pafupi ndi sukulu kuti azidziphikira okha, popanda wamkulu wowayang'anira, ndipo mavuto ake timawadziwa.

Apa ndiye ndikufuna ndimveke bwino kwa aliyense wowerenga. Mwana wa achemwali anga safunika kulimbikitsidwa kuyenda. Wayenda mokwanira. Iye akufunika njinga yakapalasa, hositelo yokhala ndi matironi, kapena sukulu yomangidwa pafupi. Pulayimale yaulere itayamba mu 1994 ana anadzadza m'makalasi, koma masukulu a sekondale sanachuluke mofanana, n'chifukwa chake mitunda yake ili yotere kumidzi. Munthu wa pa boma asatenge nkhani yangayi n'kumauza mwana wa kumudzi kuti kuyenda maola awiri ndi masewera olimbitsa thupi. Amene ndikulankhula nawo ndi ife a pafupi, amene mwana wathu akhoza kuona denga la sukulu ataima pachulu, koma timamukweza njinga yamoto.

Mwana wanga anafika madzulo, masokosi ali ofiira ndi fumbi, njala itamugwira zenizeni. Anadya nsima yomwe masiku ena amangoitoola. Sindinamufunse msanga. Anayamba yekha, akutsuka mbale. Akuti pobwerera ankafunsana mafunso a Biology, ndipo mnyamata wa Fomu 4 uja anawafotokozera za kayendedwe ka magazi m'thupi momveka kuposa m'kalasi. Akuti pafupi ndi malo ena ochapira magalimoto bambo wina anawaimbira likhweru, koma ataona kuti ndi gulu ndipo muli anyamata, anayang'ana kumbali. Za kusekedwa zija, akuti mtsikana mmodzi anafunsa ngati ndalama zatha kwathu, iye n'kuyankha kuti tikubwera ambiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sikuti wagonja ayi. Nsapato ya kumanzere yamutupitsa chithendene, ndipo anandifunsa molimba mtima: "Nanga mvula ikadzayamba mu December, amayi, mudzatiyendetsabe?" Tinakhala pansi ndi bambo ake n'kugwirizana. Tsiku la mvula yamphamvu, tsiku lomwe sakupeza bwino m'thupi, kapena akatsalira kusukulu mpaka mochedwa, adzakwera kabaza, koma wa munthu yemwe tikumudziwa, yekha pampando. Masiku ena onse ndi wapansi. Pa ndalama yomwe tizipulumutsa, theka lizisungidwa m'dzina lake, ndipo choyamba kugula ndi nsapato zomukwana bwino. Pamenepo m'pamene ndinaona mano ake koyamba lero.

Usiku uno pagulu lathu la makolo pa WhatsApp pabwera mauthenga ochokera kunyumba zina za kuseri kwa tchalitchi, akufunsa ngati ana awo angamadikire gululi panjira. Tavomera. Bambo wina wadzipereka kuperekeza mawa asanapite kuntchito, ndipo wapempha kuti anawo azinyamuka msangako pang'ono chifukwa lero akuti analowa pageti belu likulira. Ine Lachinayi ndikaonana ndi aphunzitsi aakulu, ndikawapemphe kuti nkhaniyi ikalowe pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, komanso kuti atithandize kupempha a khonsolo ndi apolisi a pamsewu za malo owolokera ana pa M1 paja.