Kuchoka ku Mzuzu mpaka London ndi kamwana kongoyamba kuthamanga

Anthu akamafunsa za kukwera ndege ndi mwana wamng'ono amangoganiza za maola a mumlengalenga aja, koma ife a ku Mzuzu ulendo umayambira pa M1. Bwalo la ndege tili nalo inde, koma yopita kunja sungaikwerere pano, ndiye ufune usafune upite kaye ku Lumbadzi, ku Kamuzu International Airport, makilomita oposa 300, kudutsa Chikangawa ndi chifunga chake chija, Jenda, Kasungu, Mponela, ndiye uzikafika. Ndege usanaione n'komwe mwana wakhala kale pamiyendo theka la tsiku, watopa, wakutopetsa, thewera wasintha kangapo m'mbali mwa msewu. N'chifukwa chake ine ndimawauza amayi anzanga kuti nyamukani dzulo lake, mukagone kwa achibale ku Lilongwe, mwana asambe, adye nsima, agone pabedi. Zonyamuka mbandakucha kuti ukapeze ndege tsiku lomwelo zisiyireni opanda ana.

Ine ndinkapita ku London komwe bambo ake akuphunzira, ndili ndekha ndi kamtsikana kanga kasanakwanitse zaka 2, msinkhu woopsa uja woti kadziwa kuthamanga koma mawu oti "khala pansi" sikakuwamva. Tinadzera ku Addis Ababa. Kuchoka Lilongwe kukafika ku Addis ndi maola pafupifupi 4, kenako udikire pa Bole, bwalo la ndege la kumeneko, mpaka pakati pa usiku, kenako maola ena pafupifupi 8 kukatera ku Heathrow m'mawa. Ena amadzera ku Nairobi kapena ku Johannesburg, koma kulikonse ungadzere ndege ndi ziwiri basi, yachindunji kulibe.

Za mapepala sindichedwapo. Mwana amakhala ndi pasipoti yakeyake ndi viza yakeyake ngakhale akhale woyamwa, ndipo ngati ukuyenda wekha nyamula satifiketi yake yobadwira ndi kalata yochokera kwa bambo ake yovomereza ulendowo. Mwina sakufunsa, koma tsiku lomwe angakufunse udzayamika.

Nkhani ya tikiti ndi yomwe ambiri saidziwa. Mwana wosakwana zaka 2 amatha kukhala pamiyendo pako ndipo kawirikawiri umangolipira cha m'ma 10 peresenti ya mtengo wa munthu wamkulu, kuphatikiza misonkho. Akangokwanitsa zaka 2 ayenera kukhala ndi mpando wake, ndipo mtengo umalumpha kufika pafupi ndi wa wamkulu. Zaka amawerengera tsiku lokwera ndege osati tsiku logula tikiti, ndiye ngati birthday yake ikugwera muli konko, pobwerera afunika mpando. Ndi mmene kwacha ilili panopa ine ndinasankha pamiyendo, ndipo sindinama, maola 8 utanyamula munthu wa makilo 11 miyendo imachita dzanzi mpaka umaiwala kuti ndi yako. Amene thumba likulola, gulani mpando.

Kuli kabedi kena kamene amakakoleka pakhoma kutsogolo kwa mipando yoyambirira, bassinet, umapempha pogula tikiti. Koma kali ndi malire a kulemera, cha m'ma 10 kapena 11 kilos kutengera kampani, ndiye wanga woleredwa ndi phala la likuni uyu sakanakwanamo. Komanso mipando yakutsogolo ija poika manja sipatukuka, ndipo chikwama sungaike pansi ponyamuka ndi potera, chimapita m'mwamba. Kwa mwana woyenda kale bola mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti uzidzuka osapempha munthu.

Tsopano chomwe ndimafuna kunena kwenikweni. Ndisananyamuke ndinawerenga zambiri pa intaneti, gula ichi gula icho, timapilo topopa, mahedifoni a ana, zidole zatsopano zokulunga m'mapepala. Chomwe chinagwira ntchito kuposa zonsezo ndi zitenje ziwiri za ku Taifa market. Pa Bole usiku anthu amakhala pikitipikiti, mizere ya security, mageti akutali, iwe uli ndi chikwama kumapewa, mapasipoti m'manja, ndiye mwana woti akaona malo aakulu amangoliyatsa liwiro umugwira ndi dzanja liti? Ndinangowerama, kumuponya kumsana, kumanga mfundo pachifuwa, basi manja onse awiri apezeka. Pa security anandiuza ndimutsitse kaye tidutse pamakina, kenako ndinamuberekanso pompo anthu akuyang'ana. Pram ndinali nayo, amakulola kufika nayo pakhomo la ndege n'kuitenga kukaika pansi ndi katundu, koma podzera dziko lina si nthawi zonse umaiona pakatipo, nthawi zina mumakakumana kumapeto kwa ulendo. Chitenje palibe amakulanda.

M'ndege ponyamuka ndi potera sakulola kubereka, amakupatsa kalamba kakang'ono kolumikiza ku lamba wako ndipo mwana amakhala pamiyendo. Koma kachizindikiro ka lamba kakangozima, nyali atazimitsa, anthu akugona, mwana wayamba kulira kwa tulo kuja koti sakufuna bere sakufuna chilichonse, ndinamubereka n'kumayenda pang'onopang'ono m'kanjira mpaka kumbuyo komwe ma air hostess amakonzera zakudya, ndikumugwedeza ndikung'ung'udza kanyimbo ka ku kwaya. Sipanatenge nthawi mutu unagwera paphewa. Phokoso la injini lija limathandizanso, limakhala ngati chigayo chakutali. Vuto limangokhala pomumasula kuti ukhale pansi asadzuke, pamenepo pamafunika luso la agogo. Chitenje chinacho chinali bulangete, chinali chophimba poyamwitsa, chinali choyala pansi pa Bole pamene tinkadikira.

Makutu. Apa ndi pomwe ana ambiri amalirira ndipo si kupusa ayi, kumapwetekadi. Mpweya wa m'ndege amausunga ngati uli pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400, ndiye kuti kumtunda kuposa Mzuzu, cha ku Nyika uko. Ndege ikamatsika mpweya wakunja umakankha khutu, ndipo kanjira kolumikiza khutu ndi kukhosi mwa ana n'kakang'ono, sikatseguka msanga. Kumeza ndi komwe kumakatsegula. Wamkulu amayasamula dala kapena kutafuna chingamu, mwana sungamuuze zimenezo, ndiye umupatse bere, botolo kapena kapu yake ya madzi. Potsika ndi pomwe pamavuta kuposa pokwera, ndipo kutsika kumayamba pafupifupi mphindi 30 musanatere, osati pamene waona nyumba pansi. Ngati ali ndi chimfine, chimene kuno ku Mzuzu mu June ndi July sichisowa pakhomo, pitani naye kuchipatala amuone musananyamuke. Ndipo chonde zija timauzana pa WhatsApp zoti mumwetse piriton agone, musapange popanda dokotala, ana ena mankhwala amenewo amawachangamutsa m'malo mowagonetsa, ndiye uganize usiku wonse ndi mwana wolusa m'ndege.

Zakumwa pa security m'mabwalo ambiri a ndege lamulo ndi la 100 ml, koma mkaka, madzi ndi chakudya cha mwana amalola zopitirira, umangozitulutsa padera aziyeze. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri, milomo imachita kusweka, ndiye muzimumwetsa pafupipafupi. Chakudya cha ana chiliko koma umaitanitsa tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanafike, ndipo wapamiyendo asadalire thireyi yake. Ine ndinanyamula kamba wanga, nthochi za ku Nkhata Bay, mabisiketi, ndi phala lija longothira madzi otentha, madziwo ukapempha amakupatsa. Apongozi anafuna kundilongedzera nyama yowamba ndi chambiko kuti mwana wawo akalawe zakwawo, ndinachita kuwachonderera kuti amayi, nyama ndi zamkaka ku UK salola kulowa nazo kuchokera kuno, zikatayidwa pa eyapoti. Anakhumudwa koma anamva.

Chimbudzi cha m'ndege ndi kachipinda koti ukatambasula manja wagunda makoma onse. Kathebulo kosinthira mwana kali pamwamba pa chimbudzicho, umakatsitsa. Usalowe ndi chikwama chonse, konzeratu kajumbo kokhala ndi pampasi mmodzi, ma wipes ndi kabudula. Ndipo zovala zosinthira nyamulira iwenso, osati mwana yekha, chifukwa juwisi, phala ndi masanzi zonse zimathera pa bulauzi yako.

Za anthu okhala nawo pafupi ine maganizo anga ndi awa. Mu minibasi ya ku Ekwendeni ukakwera ndi mwana komanso katundu, munthu wosamudziwa amangomutenga n'kumukhazika pamiyendo pake, palibe zopempha. M'ndege anthu amavala mahedifoni n'kuyang'ana kutsogolo, wina mwana akalira amapumira m'mwamba kuti umve. Ndaona ena pa Facebook akugawira anthu timaswiti ndi kakalata kopepesa kuti mwana wanga mwina alira. Ine ayi. Mwana ndi munthu, walipiridwa, ndipo ndikuyesetsa. Chomwe sindilola ndi kumenya mpando wa kutsogolo ndi mapazi kapena katuni pafoni mokweza, zimenezo ndiye ndi ulesi wa kholo. Pa ndege yachiwiri mayi wina wachikulire anandimva ndikukalipira mwana m'Chichewa, anatembenuka n'kuti, "Asisi, ndinu a kwathu eti? Bweretsani kuno ndikugwirireni mudye." Ndinadya ndi manja awiri koyamba chichokereni ku Lilongwe.

Ubwino wa ulendo wa ku UK ndi woti nthawi siisiyana kwambiri. Addis ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, London ili m'mbuyo ndi maola 2 nthawi yawo yozizira, ola limodzi nthawi yotentha, ndiye tulo ta mwana sitisokonekera ngati mmene zimakhalira kwa opita ku America. Jekete yake ya pa kaunjika ikani m'chikwama cha m'manja osati mu sutikesi, chifukwa kuzizira kwa kumeneko m'mawa wa December kumaposa kwa Chikangawa. Ku Heathrow kuchoka pa ndege kukafika podinditsa mapasipoti ndi kamtunda ndithu, mzerenso umatha kutalika, ndiye musinthiretu thewera ndege isanayambe kutsika. Ndipo amene akudzakutengani pa galimoto muwauziretu abwere ndi car seat, kumeneko ndi lamulo, zomufungatira mwana kumpando wakumbuyo ngati tikupita ku Luwinga sizichitika. Bambo ake anachita kubwereka kwa anzawo a ku tchalitchi, ndipo kamtsikana kanga, koti sikanamangidwepo m'kampando chibadwire, kanalira msewu wonse kuposa mmene kanalirira m'ndege zonse ziwiri.