Lachinayi: kodi asilikali amawafunsa ndani?

Lero pulogalamu inali yophweka, kuperekeza amalume kukatenga mankhwala awo a BP kenako kudzera pamsika kugula matemba a ku Chilwa, koma tsiku lonse latha tikukangana za asilikali ndi aphungu, ndiye ndati ndilembe ndisanagone.

Zinayambira mu minibasi podutsa pa Cobbe Barracks. Amalume anagwira usilikali mpaka kupuma, ndiye akamadutsa pa chipilala chokumbukira asilikali a nthawi ya atsamunda a KAR chija, chanjerwa zofiira chokhala ndi wotchi pamwamba, amavula chisoti olo muthinane bwanji. Bambo wina pambali pathu ataona zimenezo anati, "Madala, inu asilikali ndiye mulibe wokufunsani, mumangomvera Pulezidenti basi." Amalume anangoti, "Ayi achimwene, sizili choncho," kondakitala n'kuyamba kutolera ndalama, nkhani n'kuduka.

Inadzukanso masana mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira zamalamulo ku Chanco, atabwera kudzadya nsima. Nditamufotokozera anasamba m'manja, n'kutsegula malamulo aakulu a dziko pafoni, n'kuyamba kutiwerengera uku akutanthauzira. Zoona Pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse, koma gawo 161 likuti mphamvu zimenezo azigwiritsa ntchito pomva malangizo a khonsolo ya zachitetezo, ndipo zonse zikhale pansi pa diso la komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zachitetezo. Komitiyo yalembedwa mu gawo 162, ndipo mipando yake imagawidwa molingana ndi kuchuluka kwa aphungu a chipani chilichonse, kutanthauza kuti otsutsa boma nawonso amakhalamo, si ya olamula okha ayi.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Komitiyi ingathe kuyitanidwa nthawi ina iliyonse olo aphungu ali pa tchuthi, ndipo Nyumba ikathetsedwa pokonzekera chisankho iyo siitha, imakhalapobe mpaka ina itasankhidwa. Taganizani, nthawi ya kampeni ija mitima ili m'mwamba, aphungu onse ali m'makwawo kusaka mavoti, amene analemba malamulowa anaona patali kuti mfuti zisakhale tsiku ndi limodzi lomwe popanda woziyang'anira. Komanso gawo 45 likuti Pulezidenti sangalengeze state of emergency komitiyi isanavomereze, ndipo ikalengezedwa isapitirire masiku 21 pokhapokha aphungu awiri mwa atatu aliwonse atavota kuti italikitsidwe.

Apa amalume anasiya kudya, n'kuyamba ya 1993. Akuti ana a masiku ano simungamvetse, kale kunali a Payoniya, a MYP, anali ndi mfuti zawo, makampu awo, ndipo amamvera chipani, palibe phungu amene akanayerekeza kuimirira n'kufunsa kuti zida zimenezi zagulidwa ndi ndalama ziti. Chikhalirecho aphunguwo amakumana konkuno ku Zomba, m'nyumba yakale ija kumtundaku, mpaka 1994, mtunda woti munthu ukhoza kuyenda wapansi kuchokera ku Cobbe. Mu Disembala 1993, asilikali ataphedwa ndi a Payoniya ku Mzuzu, m'pamene kunachitika Operation Bwezani, a Payoniya n'kulandidwa zida. "N'chifukwa chake, mphwanga, anaikamo mawu akuti sipadzakhalanso gulu lina lankhondo kupatula limodzi," anatero, mwana uja n'kupeza kuti ndi gawo 159. Amalume sanawerengepo bukuli koma amalidziwa chifukwa anaona ndi maso.

Pomwe tinasemphana ndi pa chinsinsi. Amalume akuti zina za usilikali sizoyankhula pagulu, mdani amamvanso wayilesi, ndipo phungu amene sanagonepo m'tchire ndi jombo kumapazi angamufunse chani General. Ine ndikuwamva, ndipo sindikufuna kuti chiwerengero cha zipolopolo chiziikidwa pa Facebook. Koma komiti ikhoza kutseka chitseko n'kufunsa m'kati, bola ifunse. Ndalama za asilikali zimadutsa mu bajeti imene aphungu amavomereza chaka ndi chaka, ndi misonkho yathu yomweyi ya pa shuga ndi sopo, ndipo ngakhale ku banki m'khonde msungichuma wokhulupirika amatsegula bokosi onse akuona, osati chifukwa ndi wakuba koma kuti mawa pasadzakhale kunong'onezana.

Ndipo ine ndimawakonda asilikali athu, ndisaname. Mu 2012 a Bingu wa Mutharika atamwalira anaima ndi malamulo mpaka a Joyce Banda analumbira. Mu 2019 pa zionetsero anayenda pambali pa anthu kuwateteza. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023 ndi iwowo amene amakumba matope ndi kuwolotsa anthu. Ndiye kufunsako n'kowateteza iwo omwe. Ndege imene inagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, n'kupha a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inali ya asilikali, ndipo oyendetsa ake anali ana a eni. Mafunso oti ndege zathu zili bwanji, ndalama zokonzera zikukwana kapena ayi, malo ake ofunsira ndi patebulo la komiti imeneyi, ndipo nthawi yake ndi ngozi isanachitike. Chimodzimodzi za ku DRC, komwe anyamata athu akhala akupita kukasungitsa mtendere ndipo ena anafera konko mu Januwale 2025. Kuno ku Zomba zimenezi si nkhani ya pa nyuzi chabe, maliro ake timakhala nawo, ana awo amaphunzira ndi ana athu.

Madzulo ndinawafunsa amalume kuti akanakhala mu komitiyo akanayamba ndi funso liti. Sanachedwe, anati akanafunsa kuti msilikali akafera kunja, mkazi wake ndi ana amalandira chani ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji, kenako jombo ndi nyumba za ma private. Mwana uja walemba mafunso onsewo, ndipo tagwirizana kuti phungu wathu akadzachititsa msonkhano kuno tidzapite atatu, amalume ndi amene adzakweze dzanja.