Musanaponye mbedza, yambani mwakhala kaye pansi

Loweruka lapitali ndinali pa dziwe lomwe ndimakonda kuwedzapo, ndakhala phee kuseri kwa bango, kenako kunatulukira mnyamata wina ndi ndodo yowedzera yatsopano yonyezimira bwino, chikwama kumsana, kampando kopinda m'manja. Asanatule n'komwe chikwamacho anali ataponya kale mbedza. Mphindi zisanu wakoka, waponya pena, wasuntha kampando, kagwa, wathamangira mbali ina, ndipo pomwe imati 9 koloko anali atazungulira dziwe lonse opanda olo kansomba kamodzi. Nkhope inali itagwa. Ndinamumvera chisoni kwambiri chifukwa ndikudziwa mmene zimawawira kubwerera kunyumba ukuganiza kuti mwina iweyo ndi amene uli ndi tsoka, nde ndinamukodola ndati achimwene tabwerani mudzakhale apa pang'ono, ndodoyo igonekeni kaye pa udzu. Zomwe tinakambirana ndi zomwe ndikulemba panozi, poti enanu mwakhala mukundifunsa zomwezi.

Choyamba chomwe ndinamuuza n'choti nsomba zinamumva kalekale asanafike pagombe. Ambiri amaganiza kuti chothawitsa nsomba ndi kuyankhula, ayi, mawu a pakamwa akafika pamwamba pa madzi ambiri amangobwerera m'mwamba, olowa pansi ndi ochepa. Chomwe chimaononga zinthu ndi mapazi, kugwetsa chidebe, kukhoma kamtengo koikapo ndodo, chifukwa kugunda kumeneko kumadutsa m'nthaka kukalowa m'madzi, ndipo m'madzimo phokoso limathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi imodzi pomwe mumpweya ndi 340 basi. Mukagwira nsomba tayang'anitsitsani m'nthiti mwake, muona kamzere kochokera kumutu mpaka kumchira. Kamzere kameneko ndi komwe imamvera kugwedezeka kwa madzi, olo madzi akhale akuda bii, olo usiku. Chithunzithunzi chanu chikagwera pamadzi ndi chimodzimodzinso, kwa nsomba chinthu chodutsa pamwamba ndi mbalame yofuna kuidya. Ine ndikafika ndimatula katundu patali ndithu ndi madzi, ndimayenda monyang'ama, ndikakhala pansi sindigwira ndodo kwa mphindi 10 kapena 15, kumangoyang'ana basi.

Ukakhala choncho madzi amayamba kukuonetsa zinthu. Uona timathovu tikutuluka pamalo amodzi n'kumasunthasuntha, ndiye kuti pansipo pali ina ikufukula matope. Uona bango limodzi likugwedezeka lokha kulibe mphepo. Uona tinsomba ting'onoting'ono tabalalika mwadzidzidzi ngati wina wawaza mchenga, pamenepo pali yaikulu ikusaka. Akulu aja anati kuona maso a nkhono n'kudekha sananame, ndipo mnyamata uja atangokhala chete kwa kanthawi anandigwira mkono yekha akuloza pansi pa nthambi yomwe inagwera m'madzi, mita imodzi yokha kuchokera pomwe iye anapondaponda m'mawa uja.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ambiri timataya tsiku lonse, ndi kuya kwa madzi. Munthu amangomangirira fuloti, kanthu koyandama kaja, pomwe dzanja lafika, waponya, n'kumadikira maola atatu osadziwa kuti nyambo yake ili lende pakati pa madzi pomwe nsomba zikudyera pansi, kapenanso yakwiririka m'matope moti palibe ingaione. Kuyeza sikuvuta ayi. Musanaike nyambo, kolekani kamtovu kolemerako pa mbedza penipeni, kolemera moti katha kumiza fuloti, muponye pamalo mwasankhapo. Fuloti ikamira yonse ndiye kuti madzi ndi akuya kuposa mmene mwaikira, ikwezeni m'mwamba pa chingwe muponyenso. Ikagona chammbali ndiye kuti mwapitiriza, itsitseni. Muzichita choncho mpaka kansonga kokha kaziwoneka, basi mwadziwa kuya kwake. Ine ndimayeza malo atatu kapena anayi motsatizana kuchoka kugombe, chifukwa chomwe ndikufuna ndi pomwe pansi pakutsetsereka mwadzidzidzi, pomwe madzi ofika m'mawondo asanduka ofika m'khosi, nsomba zimakonda kuyenda m'mphepete mwa kaphompho koteroko ngati mmene anthufe timatsatira njira. Maso musawakhulupirire pa nkhani imeneyi, madzi amapinda kuwala nde pansi pamaoneka pafupi kusiyana ndi mmene palili.

Palinso nkhani ya mpweya yomwe inandithandiza kumvetsa chifukwa chake masana kukatentha zimangosiya kudya. Madzi akamatentha okosijeni amachepamo. Pa madigiri 20 lita imodzi imatha kusunga mamiligalamu ngati 9, akafika pa 30 atsika kufika cha m'ma 7 ndi theka, komanso nthawi yomweyo thupi la nsomba likufuna wambiri chifukwa cha kutenthako. Ndiye nyengo yotentha musakakamire pamadzi oima osaya, pitani pomwe kamtsinje kakulowera, pamthunzi wa mitengo, kapena gombe lomwe mphepo ikuwombera komwe timafunde tikumenya, inde mphepo izikuwombani kumaso koma zakudya zonse zoyandama zikukankhidwira komweko. M'bandakucha ndi chisisira ndi nthawi zabwino, izi aliyense amadziwa, koma pali pomwe lamulo limeneli limalephera: dziwe lodzadza ndere ndi zomera, usiku kunatentha kopanda mphepo. Zomera zimatulutsa okosijeni kukakhala dzuwa, usiku nazonso zimamugwiritsa ntchito, nde pofika m'mawa amakhala atatheratu. Mukaona nsomba zili pamwamba kukamwa yasa yasa, sizikufuna nyambo zimenezo, zikubanika. Dikirani dzuwa likwere pang'ono.

Za mfundo ndinaphunzira mowawa. Chaka china ndinakola mlamba waukulu womwe ndinalimbana nawo mpaka manja kunjenjemera, ndinauona ndi maso anga ndevu zake zitatulukira pafupi ndi gombe, kenako chingwe chinangoti lobodo. Nditakoka kunsonga kunalibe mbedza, kunali kachingwe kopotanapotana ngati kamchira ka nkhumba. Bambo ena achikulire omwe anali chapafupi anabwera, anakayang'ana, anati mwana wanga chingwe sichinaduke ichi, mfundo yako yamasuka. Anakhala pansi pompo n'kundiphunzitsa mfundo yomwe amaitcha Palomar ndipo mpaka lero ndi yomwe ndimadalira: pindani chingwe chikhale chiwiri, lowetsani pa kabowo ka mbedza, mangani mfundo wamba koma osakoka, kenako mbedza yonse muilowetse m'kachingwe kopindika komwe katsala kunsongako, nyowetsani ndi malovu, ndiye muzikoka pang'onopang'ono mpaka ithine. Malovuwo musawaiwale chonde, nayiloni ikamakhulana youma imatentha n'kufooka pomwepo pa mfundopo. Muziyeseza kunyumba madzulo ndi chingwe chokhuthala mpaka zala zizolowere, chifukwa kumadzi kumakhala kuli kamdima, zala zazizira, mtima ukuthamanga.

Nayiloni imaonongekanso ndi dzuwa, nde ndodo yosiyidwa pawindo kapena m'galimoto miyezi ingapo chingwe chake musachidalire. Mukakola nsomba kapena mukakodwa pa chitsa, yendetsani zala pa mita yomalizira, mukamva kukhakhala dulani mumangenso. Amene muli ndi reel, chokulungira chingwe pa ndodo chija, kotembenuza kothinitsira chingwe kaja musamange mpaka kumapeto, kazilola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu yomwe chingwecho chingadukire. Mbedza nayo iyeseni pa chikhadabo cha chala chachikulu, yakuthwa imakanda n'kugwira, yobuntha imangotsetsereka.

Mnyamata uja anali ndi mbedza yaikulu zedi, ati anauzidwa kuti mbedza yaikulu ndi nsomba yaikulu. Manambala a mbedza amasokoneza, nambala ikamakwera mbedza ikuchepa, 12 ndi yaing'ono kuposa 6, kufikira pa 1, kenako zimayamba 1/0, 2/0 zomwe zimanka zikula. Yaing'ono imagwira zazing'ono ndi zazikulu zomwe, pomwe yaikulu imangodyetsa nyambo kwa tinsomba tomwe sitingathe kuimeza. Ndinamupatsa 10 imodzi. Nyongolotsi zake nazo zinali m'kabotolo kapulasitiki kotseka ndithu, padzuwa, zitafewa kale. Nyongolotsi imapumira pakhungu, imafuna dothi lonyowa pang'ono, chivindikiro chobowola ndi mthunzi, ndipo poibaya musaisonkhanitse yonse pa mbedza ngati mpira, siyani kamchira kazigwedera.

Tsopano izi ndikupempha ndi mtima wanga wonse. Nsomba yomwe simutenga, yaing'ono kapena yomwe ili ndi mazira, igwireni ndi manja onyowa. Zoterera zomwe zili pathupi pake zija ndi chitetezo chake ku matenda, mukaigwira ndi manja ouma kapena kuigoneka pamchenga wotentha mwazichotsa, ipita ikusambira bwinobwino koma mwina sikhalitsa. Zala zisalowe mopumira mwake mofiira muja. Ikameza mbedza mpaka m'kati osaizula mwankhanza, dulani chingwe pafupi ndi kukamwa. Ine mbedza zanga zambiri ndimafinya kamunga kobwerera m'mbuyo kaja ndi pulayasi, zimachoka msanga pa nsomba, ndipo tsiku lomwe idzalowe m'chala chanu mudzathokoza. Mlamba samalani nawo minga ya m'zipsepse za m'mbali, imabaya koopsa. Komanso kulikonse komwe mukuwedza funsani kaye malamulo a malowo, laisensi ngati ikufunika, miyezi yotseka nsomba zikamaswana, ndi kukula kwa nsomba yololedwa kutenga.

Zingwe zodukaduka musataye pagombe. Ndinapezapo mbalame ya m'madzi itakulungidwa mwendo ndi nayiloni mpaka chingwe kulowa m'mnofu, ndinaimasula ndi kampeni koma mmene inkatsimphinira pochoka sindimaiwala. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kathumba, zanga ndi za ena zomwe ndimatola. Timitovu natonso ndi poizoni kwa mbalame zomwe zimatimeza poyesa timiyala, moti ku Britain analetsa timitovu ting'onoting'ono ta owedza mu 1987 chifukwa mbalame zazikulu zoyera zija zotchedwa swan zinkafa nato. Musamatilume ndi mano potseka pa chingwe, pulayasi ilipo.

Mvula ya mabingu ikamabwera musachite nayo makani, olo zikudya bwanji. Ndodo zambiri zamakonozi ndi za carbon ndipo zimadutsa magetsi, ndiye tangoganizani mwaima pamalo oyera, pafupi ndi madzi, mwaimika chinthu cha mamita atatu kapena anayi m'mwamba. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu limveke, masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi, koma zoona zake n'zoti ngati bingu mukulimva ndiye kuti mphenzi itha kukufikani. Gonekani ndodo, lowani m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo, ndipo mudikire mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Mawaya a magetsi nawo muziyamba mwayang'ana kumwamba musanaponye.

Chinanso chomwe sitimakonda kukambirana ife owedza ndi zakunyumba. Panali nthawi yomwe ine ndinkangodzuka usikusiku n'kuchoka, foni yozima, kubwera mdima utagwa, mumtima ndikuti sindikulakwira munthu poti sindili kumowa. Tsiku lina ndinapeza mayi akunyumba ali pakhomo ndi tochi m'manja, maso ofiira, ana asanagone. Sanakalipe, anangoti bambo, mukanagwera m'madzi tikanayambira kuti kukufunani? Funso limenelo linandilasa ndipo linali loona, ndinalibe choyankha. Masiku ano ndisananyamuke ndimanena malo enieni komwe ndikupita ndi nthawi yobwerera, ndipo nthawiyo ikakwana ndimapinda ndodo olo fuloti ikuvina, foni imakhala yotchaja m'kapulasitiki kuti isanyowe. Wikendi iliyonse si ya kumadzi, zina ndi za pakhomo. Mwana wanga wamkazi ndinayamba kupita naye, ndipo ndi mwana ndaona kuti ola limodzi ndi lokwana, pamalo pomwe pali tinsomba tambiri toluma pafupipafupi, iweyo ndodo yako osatenga n'komwe kuti maso onse akhale pa iye, ndipo pamadzi akuya avale jekete yoyandamitsa.

Mnyamata uja tinayeza naye kuya pafupi ndi nthambi ija, panali mita imodzi ndi theka. Anamanga yekha mfundo, yoyamba inamasuka atakoka, yachiwiri inagwira. Anaponya mwakachetechete n'kukhala pansi, manja pa maondo. Panadutsa mphindi mwina 20, fuloti inagwedera kawiri, ndinamunong'oneza kuti musakoke kaye achimwene, kenako inayenda chammbali n'kumira. Inali nsomba yaitali ngati chikhatho chake. Ananyowetsa manja ndisanamukumbutse, anaichotsa mbedza, anaijambula pa foni kamodzi n'kuibwezera m'madzi. Pochoka anandifunsa ngati ndidzabwerenso Loweruka likudzali, ndinamuuza kuti limenelo ndinalonjeza kale zapakhomo, koma linalo andipeza pa bango pomwepo 5 koloko m'mawa, abwere ndi nyongolotsi zake m'dothi lonyowa.