Loweruka ku Siyaso: bokosi la kamakina kodulira ndi kupalira

Loweruka, ku Mbare mu Harare. Dzuwa la Okutobala latentha malata a mashedi a amisiri a ku Siyaso nthawi isanakwane n'komwe 9 koloko. Pabenchi lero pafika bokosi lakuda lapulasitiki, mkati muli kamakina kozungulira kogwira ndi dzanja limodzi, kaja ambiri amangokatchula kuti Dremel ngakhale katapangidwa ndi ena. Dzinalo ndi la Albert Dremel amene anayambitsa kampani yake ku Racine, Wisconsin, mu 1932, ndipo kuyambira 1993 kampaniyo ili m'manja mwa Bosch. Ka m'bokosili si kawo ayi, n'kopanda dzina lodziwika. Mwini wake ndi mnyamata wa ku Mufakose wokonza maloko ndi masitovu, ndipo wabwera ndi funso limodzi: "Amalume, pamenepa ndagula chida kapena ndataya ndalama?"

Pachivundikiro alemba kuti muli zidutswa zoposa 200. Titazitsanulira pathebulo, zoposa theka ndi timphete ta sandipepala ndi timadisiki topyapyala todulira, zinthu zotha tsiku limodzi. Zokhalitsa n'zochepa: timiyala tonolera, timaburashi tawaya titatu, timipini tomangirapo madisiki, kansalu kolimba kopukutira, kasipanala, ndi ma collet anayi, tizitsulo togwira mwendo wa chida pakamwa pa kamakinaka. Chiwerengero cha pachivundikiro chimakoka maso a wogula basi. Ubwino wa bokosi uli mu mota, mu mabeling'i ndi mu collet.

Tisanalowetse pulagi, tayamba tawerenga kachikwangwani ka pathupi pake: 230V, mawati 130. N'zoyenera magetsi athu kuno. Tikunena izi chifukwa abale a ku America amatumiza tina ta 120V, ndipo toteroto tikalowa pasoketi ya m'nyumba za mu Harare popanda transformer timapsa pomwepo.

Kenako kuyesa ngati kakuzungulira mowongoka. Timamanga kachitsulo koboolera kowongoka bwino, n'kuyatsa pa liwiro lotsikitsitsa, n'kuyang'anitsitsa nsonga. Ikamaoneka ngati kadontho kamodzi, zili bwino. Ikamajambula kabwalo, pali vuto. Ya lero inajambula kabwalo, ndipo mnyamata uja nkhope inagwa. Koma vuto silinali la mota. Collet, kaja kachitsulo kong'aluka kamene kamafinya mwendo wa chida nati ikamangidwa, inali ya mamilimita 3.2, pomwe miyendo ya zida zambiri za m'bokosimo ndi ya mamilimita 3.0. Kusiyanako diso silingakuone, koma collet imagwira mbali imodzi, chida chimapendekeka, ndipo pa liwiro lalikulu chimanjenjemera mpaka kusololoka. Ya 3.0 inali m'kathumba pansi pa bokosi. Titaiika, nsonga inaima nji. Ma collet ofala ndi a 0.8, 1.6, 2.4 ndi 3.2, choncho musanagule chida chatsopano yezani mwendo wake. Ndipo poika, lowetsani mwendo mkati mokwanira. Ukatsala wautali kunja umapindika, ndipo wapindika kamodzi ndiye kuti watha.

Pali kabatani kotsekera shafiti pomasula nati. Musakadine mota ikuzungulira. Kapini kake kamadyeka, ndipo tsiku lina mudzapezeka mukulephera kumasula chida.

Ntchito yoyamba yeniyeni inabwera yokha: chitseko cha uvuni chomwe sikuluwu yake mutu unadyeka, sikuludiraiva imangoterereka. Apa m'pamene kamakinaka kamaonetsa phindu lake. Mumadula kamzera kamodzi pamutu wa sikuluwuyo, kakuya ngati milimita imodzi ndi theka, kenako mumamasula ndi sikuludiraiva yafulati. Mnyamata anayesa yekha, disiki inasweka pasanathe masekondi asanu. Yachiwiri chimodzimodzi. Timadisiki tofiirirati n'tamamilimita 24 m'mimba mwake, kuchindikala kwake sikufika milimita imodzi, ndipo tilibe ulusi mkati. Timadula bwino tikamalowa mowongoka, koma dzanja likangopotoka pang'ono tili mkati mwa mng'alu, phwa! Chinanso, iye amakanikiza ngati wagwira tupa. Kamakina aka mphamvu kalibe, kali ndi liwiro lokha. Mukakanikiza, mota imatsika mawu, disiki imasiya kudula n'kuyamba kukhuza, kutentha kumakwera. Khutu ndilo likuuzeni: kulira kwa mota kukasintha, bwezani dzanja. Disiki yachitatu, zigongono zili pabenchi, manja onse awiri atagwira, inadula kamzera koyera ndipo sikuluwu inatuluka.

Za maso tisabise. Disiki ya mamilimita 24 ikamazungulira ka 30,000 pa mphindi, m'mphepete mwake mumathamanga pafupifupi makilomita 135 pa ola, kuposa kombi iliyonse ya mumsewu wa Simon Mazorodze. Kachidutswa kakathothoka kamauluka ndi liwiro lomwelo. Magalasi otchinga maso munalibe m'bokosimo, ndipo nkhope isamakhale mu mzere umodzi ndi disiki. Kasikuluwu komangira disiki pampini musakamangitse kwambiri, chifukwa disiki imayamba kung'aluka pabowo musanayatse n'komwe. Wofuna kudula zitsulo kawirikawiri agule madisiki okhala ndi ulusi wa fibreglass, aja a mamilimita 32. Mng'alu wake ndi waukulu pang'ono koma sasweka chisawawa.

Cha m'ma 11 tinayesa burashi yawaya pa dzimbiri la loko wa geti. Waya asazungulire kupitirira ka 15,000 pa mphindi, ndipo burashi yatsopano iyambe yazungulira mphindi imodzi osakhudza kanthu, italoza kutali ndi anthu, kuti mawaya omasuka athothokeretu. Za m'bokosili zinathothoka kwambiri, timawaya tinadzaza pa ovololo. Loko anayera ndithu, koma burashi imodzi inatsala ngati nkhuku yososola.

Mayi wina wogulitsa chakudya pafupi ndi Mbare Musika anabweretsa poto wa aluminiyamu, chogwirira chikugwedera, marivetsi ofunika kuchotsa. Kamwala konolera kanatseka maso nthawi yomweyo, aluminiyamu atamatirira mbuu. Chitsulo chofewa sichifuna mwala. Chimafuna kachida kamano, liwiro lapakati, ndi kupaka kandulo pamanopo pafupipafupi kuti zinyenyeswa zisamatire. Timiyala tapinki kapena tofiirira ndi ta aluminium oxide, ntchito yake ndi chitsulo cholimba monga sizasi, nkhwangwa ndi mano a macheka. Tobiriwira ndi ta silicon carbide, ta galasi, matailosi ndi miyala. Ponola, chitsulo chikayamba kusanduka chabuluu ndiye kuti mwachiwotcha ndipo chafewa, ndiye muzikhudza pang'ono, kuviika m'madzi, kukhudzanso. Pulasitiki nayo imafuna liwiro lotsika, apo ayi imasungunuka n'kumatirira pachida.

Magetsi anazima masana. Apa kamakinaka kanaposa grinder yaikulu, chifukwa mawati 130 ndi ochepa, inverter yaing'ono ya sola inakayendetsa popanda kudandaula pomwe owotcherera zitsulo mashedi oyandikana anakhala pansi kudikira.

Nthawi imeneyo kunabwera bambo wina wosema miyala, mwa aja makolo awo anachokera kumudzi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Si zachilendo kumva Chichewa pakati pa osema, popeza ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, komwe Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema mu 1966, ambiri mwa oyamba anali ogwira ntchito m'mafamu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Angola. Bambowo anatulutsa kachidutswa ka soapstone ndi kena ka springstone, n'kunena kuti, "Tiyese apa, achimwene, tione ngati n'kachida kapena n'kachidole." Pa soapstone, mwala wofewa woti chikhadabo chimaukanda, kachida kalikonse kanalowa ngati mpeni pa mbatata yophika. Pa springstone, wakuda wolimba uja, kachida kachitsulo kanabuntha msanga, ndipo tinachita kubwereka kansonga ka diamondi. Nako kamafuna madzi: munthu wina azidontheza pang'onopang'ono pamalo ozokotawo, liwiro likhale lapakati, dzanja lopepuka. Pouma, diamondi imanyotsoka pampini n'kutsala chitsulo chosalala. Madziwo asayandikire mota, ndipo apa m'pamene chingwe chopindika chotchedwa flex shaft chimathandiza, mota n'kukolekedwa pamwamba, m'manja n'kutsala kogwirira kochepa ngati cholembera. Chigamulo cha bambowo chinali chakuti n'kothandiza pa maso, tsitsi ndi kulemba dzina pansi pa chosema, koma thupi la chosema likhalabe la nyundo, tchizulo ndi tupa.

Fumbi lake ndilo loopsa. N'losalala ngati ufa woyera, limatuluka pafupi ndi mphuno, ndipo miyala ina ya mtundu wa serpentine imakhala ndi ulusi wa asbestos, womwe uja ankakumba ku Zvishavane ndi ku Mashava. Kansalu komanga pakamwa sikakwanira. Pafunika chotchinga mphuno cha mtundu wa FFP3 kapena P100, ndi kunyowetsa mwala.

Titagwiritsa ntchito mphindi ngati 15 mosalekeza, thupi la kamakinaka linatentha moti kugwira kunayamba kuvuta. Mbali ina ndi dzanja la mwini wake, lomwe limatseka timabowo tolowera mpweya. Mbali ina ndi mota yotchipa. Kamafuna kupuma pakati pa ntchito, ndi kupemerera fumbi m'timabowomo madzulo alionse. Tinatsegulanso tizivundikiro tiwiri ta m'mbali kuti tione maburashi a kaboni, timakala tiwiri topereka magetsi ku mota. Bokosili lili ndi awiri apadera, chomwe n'chabwino, chifukwa kamakina kambiri kamene anthu amataya kuti kafa kamakhala kangotha maburashi. Aziyang'anidwa pakatha maola 40 mpaka 50 a ntchito. Akatsala osakwana mamilimita 3, kapena mota ikayamba kudukizadukiza ndi kuthetheka kwambiri mkati, sinthani onse awiri pamodzi, kenako kazungulire mphindi 5 osagwira ntchito kuti atsopanowo akhazikike.

Dzuwa litapendeka, wina wa shedi ya mageti anabwera ndi chitsulo cha mamilimita 12 chotchingira mawindo, akuseka, kuti tidule. Tinakana. Kangadule ndithu, koma patatha nthawi yaitali, madisiki angapo atatha ndi mota itapsa mtima, pomwe grinder ya disiki ya mamilimita 115 imamaliza m'masekondi ochepa. Kuboola khoma kapena thabwa lochindikala nakonso si ntchito yake, imeneyo ndi ya drill.

Mnyamata wa ku Mufakose tamuuza kuti mota ndi mabeling'i n'zabwino mokwanira ntchito yake ya maloko ndi masitovu, koma zida za m'bokosimo theka n'zongodzazira malo. Tamulembera pakapepala zoti akafune m'tauni Lolemba: magalasi a maso, madisiki a ulusi, kachida kamodzi ka tungsten carbide, ndi collet ya 3.2 yapadera, popeza zida zambiri za m'mashopu miyendo yake ndi ya saizi imeneyo. Poto wa mayi uja watsala pabenchi kudikira marivetsi atsopano.