Corona yaoneka pa 270, koma kabawuti kamodzi kanandizunza

Abale anzanga a high voltage, kachipangizo kanga koyezera partial discharge kaja (timoto ting'onoting'ono tolumpha mu insulation kapena mumpweya popanda kulumikiza HV ndi earth kwathunthu) kayamba kugwira ntchito tsopano. Usiku wathawu PRPD (chithunzi choonetsa pulse iliyonse ngati kadontho, malinga ndi msinkhu wake ndi phase ya voteji) yatuluka yoyera bwino, timadontho tonse taunjikana pa 270 degrees, pansonga pa negative half cycle, momwe corona ya singano (discharge ya mumpweya pansonga ya singano yolumikizidwa ku HV) imayenera kuonekera. Mtima wanga uli mbee.

Kwa amene simunaione setapu yake: HFCT (current transformer yomva ma pulse a high frequency) ndinakulunga ndekha pa ferrite ya FT240-43, waya wa earth wochokera pa plate yoyang'anizana ndi singano umadutsa pakati pake. Siginolo imalowa mu kamodule ka AD8307, log detector ija yopereka 25 mV pa dB iliyonse, ndiye ka pulse ka ma nanosecond kamasanduka envelope yoti STM32 blue pill (kabodi ka microcontroller) iwerenge ndi ADC yake (chosintha siginolo kukhala manambala) ya 12-bit pa 1 MSPS. RAM yake ndi 20 KB basi pomwe cycle imodzi ya 50 Hz ndi ma sample 20,000, sizingakwanemo, ndiye DMA (gawo losamutsa ma sample palokha) imangozungulira mu buffer yaing'ono ine n'kumatola peak ndi phase kutumiza pa USB. Phase ndimaitenga pa kathiransifoma ka 9V ndi LM393, comparator yozindikira pomwe voteji ikudutsa pa zero. Moto waukulu ukuchokera ku neon transformer yakale yachitsulo, yolemera ija, kudzera pa variac (thiransifoma yokwezera ndi kutsitsira voteji pang'onopang'ono). Zamakono za electronic zija musavutike nazo, zimatulutsa ma kHz ambirimbiri ndipo phase simungaipeze.

Tsopano chimene chinandidyera masiku ndi ichi. Ndikamakweza variac, singano isanayambe n'komwe corona, kumabwera ma pulse akuluakulu mbali zonse ziwiri, cha pakati pa 0 ndi 90 komanso 180 ndi 270, onse msinkhu umodzi, mzere wowongoka ngati wojambula ndi rula. Ndikatsitsa variac, zii. Poyamba maganizo anathamangira ku noise monga mwa nthawi zonse, ndiye ndinazula chaja ya laputopu, ndinathimitsa mababu a LED nyumba yonse, bodi ndinaiyika pa batire, AD8307 ndinaitsekera m'chitini cha mkaka n'kuwotcherera ma connector pachivundikiro, chingwe cha USB chinadzadza ndi ma ferrite clip, koma mzere uli pomwepo osasuntha olo pang'ono. Kenako ndinati mwina ndi clipping, poti msinkhu wofanana choncho nthawi zambiri ndiye kuti china chake chafika pamapeto. Ndinaika attenuator (chochepetsa siginolo) ya 20 dB. Mzere unatsika ndi 500 mV ndendende monga masamu akunenera, koma uli wowongokabe. Ndiye kuti ma pulse aja ndi enieni ndipo ndi ofananadi. Ndinachotsa singano yonse, akadalipobe! Apa mtima unayamba kuwawa chifukwa chotsala chinali neon transformer yeniyeniyo, kuti mwina phula lam'kati linang'aluka, ndipo ina yotere kuipeza masiku ano ndi ntchito yaikulu.

Chinandipulumutsa ndi kawailesi kakang'ono ka AM. Ndinakatchera pa medium wave pamalo popanda siteshoni, n'kukamangirira kunsonga kwa paipi yaitali ya PVC, n'kumayendetsa mozungulira setapu ndili chapatali. Pafupi ndi thiransifoma kamangoti waa pang'ono, koma kufika pa sitandi yogwira waya wa HV kanayamba kuthetheka mwamphamvu. Nditathimitsa zonse ndi kugwetsa moto wotsala ndi earth stick, ndinapeza bawuti yachitsulo ndi washa yake, yogwira perspex pathabwa, ili pafupi kwambiri ndi waya wa HV koma yosalumikizidwa kulikonse, ku HV ayi ku earth ayi. Floating metal. Imatenga chaji kudzera mu capacitance, voteji pa kampata kaja ikakwana kamoto kamalumpha, ndipo poti mpata ndi womwewo nthawi zonse chaji yakenso ndi yomweyo. N'chifukwa chake ukakweza variac ma pulse amangochuluka koma sakula. Ndinaichotsa n'kumanga ndi ma cable tie, mzere unasowa pompo, singano itabwerera corona n'kuonekera yokha.

Chimene chandisangalatsa kwambiri n'choti kachipangizoka sikananame. Kanaona discharge yeniyeni imene ine ndinalibe nayo maganizo, ndipo pattern yake ndaisunga ngati sampulo yoyamba ya floating. Corona ijanso yandithandiza kukonza phase, poti kathiransifoma ka 9V kamasuntha zero crossing pang'ono, ndiye ndangoika offset mu code mpaka mulu wa timadontho utakhala pa 270.

Za zida, AD8307 ndi blue pill ndinaitanitsa pa AliExpress, ma connector a BNC ndi kebulo ya RG58 anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, koma variac ndi perspex ndinazitola kwa anyamata ogulitsa zakale ku Limbe, ndipo ndimawakonda chifukwa amakulola kufukula mulu wonse mpaka upeze chako. Kale ndinayesapo RTL-SDR (kawailesi ka pa USB) pa ntchito yomweyi, imamva ndithu, koma 8-bit ndi 2.4 MS/s komanso kugwirizanitsa ndi phase zinanditopetsa.

Calibrator ndapanga ya 100 pF ndi step ya 1 V, ndiye chaji ya 100 pC (picocoulomb), ngakhale ndi HFCT sindinganene kuti ndikutsatira IEC 60270 (standard ya kayezedwe ka partial discharge), ma pC angawa ndi ongoyerekezera basi. Chotsatira ndikufuna kuyesa void (kampata ka mpweya) pakati pa ma perspex awiri, kenako chidutswa cha kebulo ya XLPE ya 11 kV ngati wina ali nacho chotayidwa andiuze. Ndalama zikapezeka ndigule Red Pitaya (bodi yoyezera siginolo mothamanga kwambiri) ya 125 MS/s, ndiike ma HFCT awiri kuti ndizidziwa malo enieni pomwe discharge ikuchitikira mu kebulo, mwinanso ndi sensa ya ultrasonic ya 40 kHz pambali, zonse zilowe m'kabokosi kamodzi konyamula pamanja.