Masheya a mayi mmodzi ankachulukana katatu, vuto linali pa JOIN

Lachinayi usiku cha m'ma 11 koloko manambala anagwirizana. Pa sikirini K50,000, m'kope la azakhali K50,000. Query imodzi yomweyi, funso lomwe ndimalembera database, yandidyera masiku asanu, ndiye ndati ndilembe mutu usanazizire.

Azakhali anga ndi mlembi wa gulu la banki m'khonde ku Chinamwali, kuno ku Zomba. Loweruka lililonse amakumana, aliyense kuponya masheya ake, ena kutenga ngongole, mu Disembala n'kugawana. Zonse zimalowa m'kope lachikuto cholimba lomwe makona ake anapindika kalekale. Ine ndimajambula masamba ake ndi foni, madzulo n'kumalowetsa mu SQLite, pulogalamu ya database yosunga zinthu m'matebulo. Matebulo ndi atatu okha: mamembala, masheya ndi ngongole, awiri omalizawo ali ndi membala_id.

Lipoti lomwe ndinkafuna ndi losavuta: dzina la munthu, masheya ake onse, ndi tsiku lomwe anatenga ngongole komaliza. Ndinalumikiza matebulo ndi JOIN: ndinayamba ndi mamembala, LEFT JOIN masheya, LEFT JOIN ngongole, kenako GROUP BY, SUM pa ndalama za masheya, MAX pa tsiku la ngongole. Ndinayesa mayina anayi oyambirira, onse anatuluka ndendende. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinanyamula laputopu kupita nayo kwa azakhali. Anavala magalasi, n'kumatsika ndi chala pa sikirini, kenako chala chinaima.

"Mwanawe, mayi awa sanaponyepo K150,000. Amaponya K5,000 pa sabata, ndipo chiyambire takumana kakhumi kokha."

Mtima unandipweteka kwambiri. Izi ndi ndalama za anthu ogulitsa tomato ndi mandasi, ndipo lipoti lotere likanafika pa tsiku logawana, wina akanadyeredwa, azakhali n'kusanduka wakuba pamaso pa anzawo.

Lolemba lonse ndinkaganiza kuti ndinalakwitsa polowetsa. Ndinatsegulanso zithunzi, tsamba ndi tsamba, osapeza kanthu. Lachiwiri ndinasakasaka mizere yobwereza ndi HAVING COUNT(*) > 1 pa membala ndi tsiku, tebulo la masheya linali loyera. Ndinakayikiranso masiku, poti SQLite ilibe mtundu wakewake wa deti ndipo ine ndimawasunga ngati TEXT, koma onse anali olembedwa bwino, chaka, mwezi, tsiku. Lachitatu ndinayesa SUM(DISTINCT ndalama), ndipo mayi aja anatsika kuchoka pa K150,000 kufika pa K5,000. Musamayesere njira imeneyi pa ndalama, anzanga. DISTINCT imayang'ana nambala yokha, sidziwa kuti K5,000 ya sabata ino ndi ina, ya sabata yatha ndi inanso. Munthu woponya ndalama yofanana sabata ndi sabata imamuwerengera kamodzi basi.

Chinandipulumutsa n'chinthu chaching'ono. Ndinachotsa SUM, MAX ndi GROUP BY, n'kuika WHERE ya mayi ajawo okha kuti ndione mizere yomwe JOIN ikutulutsa isanaphatikizidwe. Inatuluka 30. Mayiwa anatenga ngongole katatu, ndiye mzere uliwonse wa masheya unakwatitsidwa ndi ngongole iliyonse, 10 kuchulukitsa ndi 3. Matebulo awiriwa sadziwana, onse amangoloza kwa membala, ndipo ukawalumikiza nthawi imodzi database imapanga mapeya onse otheka. SUM inkawerenga molondola ndithu, koma inkawerenga mizere yochulukitsidwa kale.

Apa mpamene ndinamvetsanso chifukwa chomwe vutoli linabisalira. Anthu anayi omwe ndinayesa aja, awiri analibe ngongole, awiri anali ndi imodzi yokha, ndiye masheya awo ankachulukitsidwa ndi 1. MAX nayo sisintha ngakhale mzere ubwere kakhumi. Ndikanati ndiike SUM pa ngongole tsiku loyamba lomwe, ndikanaona ngongole ya K20,000 itasanduka K200,000, n'kudzidzimuka pomwepo.

Mankhwala ake ndi kuphatikiza tebulo lililonse palokha, kuti membala akhale ndi mzere umodzi mbali iliyonse, kenako n'kulumikiza:

WITH s AS (SELECT membala_id, SUM(ndalama) AS onse FROM masheya GROUP BY membala_id),
n AS (SELECT membala_id, SUM(ndalama) AS zonse, MAX(tsiku) AS lomaliza FROM ngongole GROUP BY membala_id)
SELECT m.dzina, COALESCE(s.onse, 0), COALESCE(n.zonse, 0), n.lomaliza
FROM mamembala m
LEFT JOIN s ON s.membala_id = m.id
LEFT JOIN n ON n.membala_id = m.id;

COALESCE, yomwe imaika 0 pamalo opanda kanthu, ndinaiika chifukwa amene sanatengepo ngongole ankatuluka ndi NULL, ndipo azakhali akaona malo opanda kanthu amaganiza kuti ndaiwala kulemba.

NULL ameneyu anandizunzaponso chaka chatha, pomwe ndinkasunga zopereka za kwaya yathu. Ndinkafuna mayina a amene sanapereke, n'kulemba NOT IN, query n'kubwera yopanda mzere ngakhale umodzi, ngati kuti aliyense wapereka. Chomwe chinachitika n'chakuti mzere umodzi wa zopereka unalibe membala_id, ndipo NOT IN ikakumana ndi NULL m'ndandanda siinganenenso kuti zoona kwa wina aliyense. Chichokereni pamenepo ndimalemba NOT EXISTS, ndipo membala_id aliyense ndimamuika NOT NULL. Musaiwalenso PRAGMA foreign_keys = ON nthawi iliyonse mukatsegula database, chifukwa SQLite payokha siikakamiza ma foreign key, imalandira ngongole ya membala yemwe kulibe osadandaula.

Ena mumandiuza kuti ndisamukire ku PostgreSQL, database ina yofuna seva. Ndimailemekeza, koma pa gulu la anthu osakwana 30 sindikuona chifukwa. SQLite, yomwe D. Richard Hipp anaitulutsa mu 2000, ndi fayilo imodzi, siifuna seva kapena bando. Ndikamaliza ndimaikopera pa fulashi n'kuika m'thumba. Ndimagwiritsa DB Browser for SQLite, ndipo laputopu yanga yakale imaikoka bwinobwino chiikireni SSD. Anandiikira ndi bambo wina wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Bamboyu ndimamukonda chifukwa amatsegula makina uli pomwepo, n'kukuonetsa chomwe chafa asanatchule mtengo. Batire yomwe anandipezera imagwira maola awiri, ndipo Lachinayi lija magetsi atazima, kamphepo kozizira kakutsika m'phiri, ndinamalizira query ija pa batire yomweyo nditafunda bulangeti.

Lachisanu m'mawa ndinabwerera ku Chinamwali. Azakhali anatsegula kope, ine ndikuwerenga dzina, iwo akutchula ndalama, mpaka dzina lomaliza. Panasiyana pamodzi pokha, K6,000, ndipo titafufuza tinapeza kuti pachithunzi 7 ndinamuona ngati 1. Ndakonza.

Chotsatira ndi chiwongoladzanja ndi zobweza, lomwe likhale tebulo lachinayi, ndipo nalonso lidzafuna CTE yakeyake, gawo la WITH ngati lija la pamwamba. Ndiyenera kusamala ndi kugawa, poti mu SQLite 5 / 2 imapereka 2 ngati manambala onse ali INTEGER. Ndikufunanso kuphunzira ma window function, omwe analowa mu SQLite 3.25 mu 2018, kuti ndizionetsa ngongole yotsala sabata ndi sabata ndi SUM() OVER. Zikatheka Disembala asanafike, ndikufuna zonsezi zikhale pa foni ya Android, mlembi azilowetsa yekha ali pamkeka pomwepo. Azakhali auza kale alembi anzawo a ku Matawale ndi ku Songani, ndipo ndayamba kulingalira zoonjezera gulu_id kuti magulu onse mpaka ku Domasi akwane mu database imodzi.